Sausalito, Kutsidya kwa Mlatho wa Golden Gate

Munthu akawoloka mlatho wa Golden Gate kuchoka mumzinda wa San Francisco, msewu umakhotera kudzanja lamanja n'kuyamba kutsetsereka. Pansi pa chitsetsocho pali Sausalito, tauni ya anthu pafupifupi 7,000 yomwe nyumba zake zinachita kukangamira m'mbali mwa phiri, ina pamwamba pa inzake, zonse mawindo atayang'ana kumadzi. Madziwo ndi a Richardson Bay, kachigawo ka nyanja ya San Francisco Bay kolowera kumtunda, ndipo dzinalo ndi la William Richardson, woyendetsa sitima wochokera ku England amene boma la Mexico linamupatsa dera lonseli m'chaka cha 1838. Iye asanabwere, eni nthaka anali anthu a mtundu wa Coast Miwok.

Masiku ano Sausalito ndi malo a anthu opeza bwino. Nyumba wamba kumeneko imadutsa madola 1 miliyoni, ndipo za pamwamba pa phiri zimakwera kuposa apo kangapo. Ambiri mwa eni ake amagwira ntchito ku San Francisco, m'mawa amakwera sitima ya pamadzi, madzulo n'kubwerera. Alendo nawo amabwera ochuluka tsiku ndi tsiku, koma ambiri amathera maola awiri pamsewu umodzi wa masitolo, kugula ayisikirimu, kujambula zithunzi, basi ulendo wabwerera. Amenewa amaphonya zambiri, chifukwa nkhani yeniyeni ya tauniyi ili kumpoto kwake, komwe mabasi a alendo saima kawirikawiri.

Kafikidwe kake n'kosavuta. Sitima za Golden Gate Ferry zimanyamuka pa Ferry Building ku San Francisco ndipo zimatenga pafupifupi mphindi 30, zikudutsa pafupi ndi chilumba cha Alcatraz chomwe kale chinali ndende. Ena amabwereka njinga ku Fisherman's Wharf n'kupalasa makilomita pafupifupi 13, kuphatikizapo makilomita 2.7 a mlatho weniweniwo, kenako pobwerera amakweza njingazo m'sitima. Wosankha njira imeneyi adziwe kuti masana a miyezi ya alendo ambiri mzere wa apanjinga padoko umatalika kwambiri, ndipo wochedwa amadikira sitima yotsatira. Wa galimoto salipira popita ku Sausalito, amalipira pobwerera kulowa mu San Francisco, ndipo palibe munthu wolandira ndalama pamlathopo: kuyambira 2013 makamera ndiwo amawerenga nambala ya galimoto. Malo oimika galimoto m'tauniyi ndi ochepa komanso odula, choncho sitima ndiyo yanzeru.

Za nyengo, mlendo asanamizidwe ndi dzina la California. M'miyezi ya June, July ndi August, imene kumeneko amati ndi yotentha, nkhungu yozizira imachokera kunyanja ya Pacific n'kukwirira mlatho wonse, mphepo yake yolowa m'mafupa ngati chiperoni cha ku Thyolo. Mapiri amatchinga Sausalito pang'ono moti nthawi zambiri dzuwa limawala kumeneko pamene San Francisco yakutidwa, komabe juzi ndi yofunika, makamaka pasitima. Miyezi yabwino ndi September ndi October. Mvula imagwa kuyambira November mpaka March.

Potsika sitima, mlendo amafikira pa kabwalo kotchedwa Plaza Viña del Mar, dzina la mzinda wa ku Chile womwe uli paubale ndi Sausalito. Pamenepo paima ziboliboli ziwiri za njovu ndi kasupe wochita kumanga, zonse zochokera ku chionetsero chachikulu chomwe chinachitika ku San Francisco mu 1915. Msewu waukulu ndi Bridgeway. Kuyenda nawo chakummwera, m'mbali mwenimweni mwa madzi, mzinda wonse wa San Francisco umaoneka kutsidya, ndipo pamiyala ya m'madzimo pali chiboliboli cha nyama ya m'nyanja yotchedwa sea lion chomwe anasema Al Sybrian. Masitolo a zithunzi, zovala ndi timphatso ndi ofanana ndi a malo ena alionse a alendo. Zakudya n'zodula, ndipo pamtengo wolembedwawo amawonjezerapo msonkho, komanso wodya amayembekezeka kusiyira womuperekera chakudya ndalama yothokoza ya 15 mpaka 20 peresenti.

Pafupi ndi doko pali kampopi ka madzi akumwa kokhala ndi kambale kena m'munsi komwera agalu. Anakaika pokumbukira mayi Sally Stanford ndi galu wawo Leland. Mayiwa anatchuka ku San Francisco poyendetsa nyumba ya mahule yomwe inkafikidwa ndi anthu akuluakulu. Itatsekedwa, anawolokera ku Sausalito n'kutsegula malo odyera otchedwa Valhalla mu 1950. Anapikisana kangapo pa chisankho cha khonsolo akulephera, mpaka anapambana mu 1972, ndipo mu 1976 anakhala meya. Anthu a ku Sausalito amaikamba nkhaniyi mosabisa, ndipo ikusonyeza kuti tauniyi sinayambe ndi ulemu umene ili nawo lero. Inali malo a asodzi, ogwira ntchito panjanji, ochita njuga ndi ozembetsa mowa pa nthawi imene mowa unali woletsedwa ku America.

Wofuna kudya kumene eni tauni amadya apatukire mu Caledonia Street, msewu wotsatira kuchokera ku Bridgeway. Mumsewu womwewu muli holo ya IDESST ya mbumba ya Apwitikizi ochokera ku zilumba za Azores, omwe anabwera kudzaweta ng'ombe za mkaka ndi kusodza, ndipo mpaka pano amachita chikondwerero cha Mzimu Woyera chaka chilichonse. Amene miyendo yake ili yolimba akwere masitepe omwe amadutsa pakati pa nyumba kukwera phiri. Ndi njira za aliyense, ngakhale zina zimaoneka ngati zolowera pakhomo pa munthu.

Kuchoka apo ulendo uloze kumpoto, potsata Bridgeway yemweyo. Nthaka imasanduka yathyathyathya mwadzidzidzi, nyumba zimakhala zikuluzikulu zosungiramo katundu. Malo amenewa anali dambo mpaka mu 1942, pamene America italowa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inafuna sitima zambiri mwamsanga. Kampani ya Bechtel inasamutsa mabanja omwe ankakhala pa Pine Point, inagumula kaphiri kawo n'kukwirira dambolo, ndipo panabadwa Marinship, malo opangira sitima za pamadzi. Pofika 1945 anali atapanga sitima 93, zambiri mwa izo zonyamula mafuta. Ntchito inkayenda usana ndi usiku, ndipo itafika pachimake panali antchito pafupifupi 20,000, amayi ambiri ali m'gulu la owotcherera zitsulo.

M'nyumba ina yotsala ya Marinship muli chinthu chimene mlendo aliyense ayenera kuona, ndipo kulowa kwake n'kwaulere. Ndi Bay Model, chifanizo cha nyanja yonse ya San Francisco Bay choumbidwa ndi simenti, chachikulu kuposa ekala imodzi ndi theka, chokhala ndi madzi enieni. Makina amachititsa madziwo kudzaza ndi kuphwa monga nyanja imachitira, ndipo zochitika za tsiku lathunthu zimatha m'mphindi zosakwana 15. Mainjiniya a gulu la asilikali la U.S. Army Corps of Engineers anachimanga mu 1957 pofuna kuyesa maganizo a John Reber, amene ankafuna kutseka mbali zina za nyanjayi ndi madamu awiri akuluakulu kuti zisanduke nyanja za madzi opanda mchere. Chifanizocho chinaonetsa kuti madamuwo akanawononga zinthu, ndipo maganizowo anatayidwa. N'chosangalatsa kuona boma likuyamba layesa chinthu pa kanyanja ka simenti lisanakhudze nyanja yeniyeni. Makompyuta atatenga ntchitoyi, malowa anasanduka ophunzitsira anthu, ndipo pakona ina pali zithunzi ndi zipangizo za nthawi ya Marinship. Satsegula tsiku lililonse, choncho ndi bwino kufunsiratu.

M'dera lomweli muli fakitale ya Heath Ceramics, yomwe Edith Heath anayambitsa mu 1948 ndipo ikuumbabe mbale ndi makapu mpaka lero. Mulinso nyumba yamatabwa yomwe inali situdiyo ya Record Plant, mmene gulu la Fleetwood Mac linajambulira chimbale cha Rumours mu 1976.

Nkhondo itatha, m'mphepete mwa madzi munatsala mabwato akutha, zidutswa za zitsulo ndi sitima zakale zowolotsa anthu, zomwe zinasowa ntchito. Anthu ojambula, oimba, olemba ndi ena osowa pokhala anayamba kukhomerera tizipinda pamwamba pa zinthu zimenezi. Wojambula Jean Varda ndi wolemba mabuku Alan Watts ankakhala m'sitima yakale yotchedwa Vallejo. Mu 1967 woimba Otis Redding anagona masiku angapo m'nyumba ina yoyandama ku Waldo Point, ndipo kumeneko n'komwe anayamba kupeka nyimbo yake yotchuka ya The Dock of the Bay, yomwe inatuluka iye atamwalira kale pa ngozi ya ndege mu December chaka chomwecho. M'zaka za m'ma 1970 akuluakulu a boma ndi ofuna kumanga madoko atsopano analimbana ndi anthuwa kuti achoke, apolisi akubwera pamabwato, eni ake akuwakankha ndi nkhafi ndi mitengo. Mapeto ake ambiri anatsala, koma motsata malamulo.

Lero kuli nyumba zoyandama zoposa 400, zambiri zili kunja pang'ono kwa malire a tauni, cha ku Gate 5 ndi Gate 6. Zambiri zimakhala pa chibokosi cha simenti chomwe chimayandama, zili ndi magetsi, madzi a m'mipope ndi mapaipi a zimbudzi, ndipo mwini wake amalipira lendi ya malo amene yamangiriridwa. Nyanja ikaphwa, zina zimakhala pamatope mpaka madzi atabwerera. Mitengo yake siyosiyana kwambiri ndi ya nyumba za kumtunda. Mlendo amaloledwa kuyenda pa timilatho ta matabwa monga Issaquah Dock ndi Liberty Dock, pakati pa miphika ya maluwa ndi zosemasema, koma akumbukire kuti akudutsa pakhonde pa anthu: njinga aisiye kunja, mawu atsitse, asasuzumire m'mawindo. Chapafupi ndi pakati pa tauni pali Galilee Harbor, kumene ogwira ntchito za mabwato ndi aluso opeza zochepa anagwirizana kukhala ndi doko lawolawo, ndipo moyo wa kale uja ukuonekabe kumeneko.

Okhala m'nyumbazi ali ndi nkhani imene amakonda kusimba. M'zaka za m'ma 1980 anthu ankalephera kugona usiku wa miyezi yotentha chifukwa cha kulira kwina kosalekeza kochokera pansi pa madzi. Ena ankati ndi makina a zimbudzi, ena ankati ndi zida zachinsinsi za asilikali. Akatswiri atafufuza anapeza kuti ndi nsomba zazimuna za mtundu wa plainfin midshipman zikuitana zazikazi, ndipo phokosolo linkalowa m'nyumba kudzera m'simenti ya pansi. Anthu anafika poyambitsa chikondwerero cholemekeza nsombayo.

Patali pang'ono ndi gombe pamaoneka mabwato ena okalamba ataima pa nangula. M'menemo mumakhala anthu osauka amene sangakwanitse lendi ya padoko. Kwa zaka zingapo tsopano akuluakulu akhala akuwachotsa, ponena kuti maunyolo a anangula amazula udzu wa pansi pa madzi momwe nsomba za herring zimaikira mazira m'nyengo yozizira. Chifukwacho n'choona, koma n'zoonanso kuti anthuwa akuchotsedwa pamaso pa nyumba za mamiliyoni, m'dera limene munthu wolandira malipiro wamba sangapeze chipinda.

Funso lomweli limakula munthu akadutsa pansi pa msewu waukulu wa 101 n'kulowa mu Marin City. Malowa anamangidwa mu 1942 kuti mukhale antchito a Marinship pafupifupi 6,000, ndipo ena mwa iwo anali anthu akuda ochokera kummwera kwa America, ku Louisiana, Texas ndi Arkansas. Bungwe la antchito owotcherera linkawadula ndalama za umembala koma osawalola kuvota. Mmodzi wa iwo, Joseph James, anatsogolera anzake kukana, ndipo mu 1944 khoti lalikulu la California linagamula mowakomera pa mlandu wa James v. Marinship. Ntchito itatha, azungu anagula nyumba kwina n'kusamuka, pamene akuda ankakanizidwa kugula kapena kuchita lendi m'madera ozungulira, motero anatsalira pomwepo. Woimba Tupac Shakur anakhalako ali mnyamata chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ngakhale mu 2019, Xavier Becerra, amene anali loya wamkulu wa boma la California, analamula kuti sukulu za Sausalito ndi Marin City zileke kulekanitsa ana motengera mtundu. Ku Marin City kulibe masitolo a timphatso, koma wokwera basi ya Golden Gate Transit amadutsa pomwepo, ndipo amene waona Bridgeway yekha osaona kuno sanaidziwe Sausalito.

Wokhala ndi tsiku lachiwiri apite kumapiri a Marin Headlands, kumadzulo kwa tauni. Pa Battery Spencer, pomwe kale panali mizinga yoteteza doko, nsanja ya mlatho yotalika mamita 227 imaoneka pafupi kwambiri. M'munsi mwake muli Fort Baker, malo akale a asilikali omwe tsopano muli hotela ya Cavallo Point ndi Bay Area Discovery Museum ya ana. Kutsogolo, pafupi ndi Rodeo Beach, kuli Marine Mammal Center, chipatala cha nyama za m'nyanja chomwe chinayamba mu 1975. Nkhalango ya Muir Woods, ya mitengo italiitali ya redwood, ilinso kufupi, koma kuyambira 2018 wopita pa galimoto kapena pa basi yake ayenera kusungitsiratu malo pa intaneti asananyamuke, chifukwa kunkhalangoko foni sigwira.