Nyimbo Yaitali ya WITCH Igawanitsa Okonda Magitala ku Migodi

KITWE: Mu June 2023 gulu la oimba la WITCH, limene linabadwira mu mzinda uno, linatulutsa cimbale cochedwa Zango, patapita zaka 39 citulukire cimbale cake ca Kuomboka ca mu 1984. Imodzi mwa nyimbo zimene zinafika msanga m'makutu a anthu ndi "Waile", nyimbo yotalikirapo kuposa zimene anthu anazolowera pa wailesi, ya ng'oma zothamanga ndi magitala olira mwaukali. Gululi linali kuiimba pa zionetsero zake zaka za m'ma 1970, koma silinaijambule kufikira nthawi ya Zango. Kubwera kwake kunadzutsa funso lakale pakati pa okonda nyimbo a mu Kitwe ndi Ndola: kodi nyimbo yaitali ndi yaphokoso cotere ndi ya dziko lino, kapena ndi yobwereka kwa azungu?

Kuti munthu amvetse mkanganowu ayenera kukumbukira m'mene zinthu zinaliri ku Migodi dziko litalandira ufulu mu 1964. Mtengo wa mkuwa unali wabwino, anchito a m'migodi anali ndi ndalama m'thumba, ndipo ana ao anali kumvera malekodi a Jimi Hendrix, Black Sabbath ndi Deep Purple. Magulu akunjawa sanali kuopa kutalikitsa nyimbo: "Child in Time" ya Deep Purple ya mu 1970 imapitirira mphindi 10. Anyamata a m'makomboni anatenga magitala amagetsi ndi kacipangizo koponda ndi phazi kochedwa fuzz, kamene kamacititsa gitala kulira mokalipa, nasakaniza zonsezi ndi kaimbidwe ka kwao. Umu ndi m'mene munabadwira mtundu wa nyimbo umene uchedwa Zamrock.

Mu Kitwe munacokera magulu a WITCH, Amanaz ndi The Peace. Mu Ndola munali kampani ya Teal, imene inali kudinda malekodi, ndi Zambia Music Parlour ya Bambo Edward Khuzwayo, imene inafalitsa zimbale zambiri za magulu amenewa. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo 95 pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'Zambia, ndipo nchito ya oimba inakula.

Okonda nyimbo yaitali ali ndi cifukwa comveka. Iwo amakumbutsa kuti Zamrock inakulira m'maholo obvinira, kumene gulu linali kuimba kuyambira madzulo kufikira pakati pa usiku, ndipo obvina sanali kufuna kuti nyimbo iduke thukuta lisanatuluke. Lekodi yaing'ono inali kulandira mphindi zitatu kapena zinai cabe mbali imodzi, cotero zambiri zimene oimba anali kucita pamaso pa anthu zinatha ndi usiku womwewo. Kwa anthu amenewa "Waile" yabwezera cina mwa zimene malekodi akale anasiya kunja. Amaonjezanso kuti ngakhale pa gule wa kumudzi ng'oma siileka kulira cifukwa ca wochi, koma pamene obvina akhuta.

Ena samva cimodzimodzi. Kwa iwo gitala wokalipa amakwirira mau a woimba, pamene nyimbo ya kuno imalemekezedwa cifukwa ca uthenga wake. Maganizo awa si atsopano, ndipo nthawi ina anapambana. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zogulira malekodi ndi zolowera m'maholo zinacepa. WITCH yomwe inatembenukira ku disco pa cimbale ca Movin' On mu 1980, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1980 kalindula, woimbidwa m'zinenero za kuno, ndiye anatenga mabwalo. Pambuyo pake matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo.

Pali gulu lacitatu, limene dandaulo lao siliri pa kutalika kwa nyimbo koma pa amene akuiimba. Mwa amene anayambitsa WITCH, wotsala ndi moyo ndi Bambo Emmanuel "Jagari" Chanda okha, amene dzina lao la pa bwalo linacokera kwa Mick Jagger wa Rolling Stones. Iwo anacoka m'gululi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anakumba miyala ya mtengo wapatali. Pa Zango anaimba pamodzi ndi Bambo Patrick Mwondela, amene anali m'gululi m'nthawi ya disco, ndi acinyamata ocokera ku Ulaya, monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Okaika amafunsa ngati ili likali gulu lija la cimbale ca Lazy Bones!! ca mu 1975. Owayankha amachula zinthu ziwiri: Zango inajambulidwa ku dB Studios mu Lusaka, kumene Lazy Bones!! inajambulidwanso, ndipo m'cimbalemo mumveka mau a Sampa the Great ndi a Bambo Keith Kabwe a gulu la Amanaz. Paja akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Kusiyana maganizo pa kamvekedwe ka magitala kulinso ndi mbiri yake. Cimbale ca Amanaz cochedwa Africa, cimene cinajambulidwa ku Chingola ndi kutuluka mu 1975, cinadindidwa m'mitundu iwiri: wina wa mau ouma, wina wa mau obwereza ngati a m'phanga. Pamene kampani ya Now-Again ya ku America inacidindanso mu 2015, inaika mitundu yonse iwiri pamodzi kuti womvera adzisankhire yekha.

Pamene a kuno ali kukambirana, akunja sanadikire. Mu 2019 kunatuluka kanema wofotokoza mbiri ya WITCH, wokonzedwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy. Mu 2023 Travis Scott wa ku America anatenga cidutswa ca "Nsunka Lwendo" ya Amanaz naciika m'nyimbo yake "Sirens", ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anacita cimodzimodzi ndi nyimbo ya Ngozi Family, gulu la malemu Paul Ngozi. Mu June 2025 WITCH inatulutsanso cimbale cina, Sogolo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Malekodi oyambirira amene anadindidwa mu Ndola asowa, ndipo opezeka amagulidwa pa mtengo waukulu ndi osonkhanitsa a kutsidya kwa nyanja, pamene acinyamata ambiri a mu Chamboli ndi Wusakile amva za Zamrock kudzera mwa oimba a ku America. Kaya munthu akonda "Waile" kapena aiona yotopetsa, ayenera kuyamba waimvera kufikira kumapeto, cifukwa mlandu suweruzidwa mboni isanamalize kulankhula. Ndipo amene ali ndi lekodi yakale pansi pa bedi acita bwino kuipukuta fumbi, naiyimbira adzukulu ake asanaganize zoigulitsa.