NYUMBA YA MALAMULO NDI MAU A MUNTHU WAMBA

Pa phiri la Manda mu Lusaka pali nyumba yaikulu yovekedwa mkuwa, imene inatsegulidwa m'caka ca 1967. M'nyumba imeneyi ndimo mupangidwa malamulo a dziko la Zambia. Anthu ambiri aganiza kuti nchito yao itha tsiku limene aponya voti, ndi kuti zotsala zonse nza aphungu okha. Koma sizitero ai.

Kale khomo linali lotsekadi. Bwalo la Malamulo linayamba ku Livingstone mu 1924, ndipo munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi kufikira 1948, pamene Abusa Henry Kasokolo ndi Bambo Nelson Nalumango analowamo. Tsopano aphungu asankhidwa ndi anthu onse zaka zisanu ziri zonse, pa Lacinai laciwiri la mwezi wa August. Pa masankho a 2021 zigawo zinali 156, ndipo caka comweco Mai Nelly Mutti anakhala mkazi woyamba pa mpando wa Sipikala, ndiye woweruza zokambirana.

ULENDO WA LAMULO

Lamulo lisanakhwime lichedwa bilu. Kawiri-kawiri nduna ya Boma ndiyo ibwera nayo. Poyamba awerenga dzina lake lokha, kenaka aipereka kwa kabungwe ka aphungu owerengeka kuti aipende bwino. Kabungweko kaitana mboni: mabungwe a anchito, eni nchito, mipingo, ngakhale munthu payekha. Wina alemba kalata, wina apita kukalankhula ndi pakamwa pake.

Kabungwe katapereka zimene kapeza, Nyumba yonse ikambirana colinga ca bilu. Uku ndiko kuwerenga kwaciwiri. Pambuyo pake aisanthula ndime ndi ndime, nakonza zolakwika, naiwerenga kacitatu. Ikabvomerezeka ipita kwa Mtsogoleri wa Dziko, amene ali ndi masiku 21 akuti asainepo kapena aibweze ku Nyumba ndi zifukwa zake.

Zimenezi zikhudza mphika wa munthu ali yense. Lamulo la zanchito la 2019, lochedwa Employment Code Act, linalamula kuti wanchito wa pangano la nyengo yaitali, pakutha pangano lake, alandire ndarama zosacepera K25 pa K100 iri yonse ya malipiro ake. Cimodzimodzi msonkho wa migodi ndi ndarama za zipatala ndi masukulu: Boma silingatole msonkho kapena kumwaza cuma popanda cilolezo ca Nyumbayi.

MAKOMO OTSEGUKA

Malamulo akulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, apatsa nzika iri yonse ufulu wakulemba pempho ku Nyumba ya Malamulo kuti lamulo lipangidwe, lisinthidwe kapena licotsedwe. Aletsanso Nyumba kutsekera anthu ndi olemba nkhani kunja popanda cifukwa comveka. Zokambirana ziulutsidwa pa wailesi, ndipo m'zigawo muli maofesi a aphungu, kumene wa ku Kitwe kapena ku Chipata angatule dandaulo lake osalipira ulendo wa ku Lusaka. Phungu angalisandutse funso, ndipo nduna iyenera kuyankha pamaso pa onse.

Mau a anthu ali ndi mphamvu ndithu. Bilu ya nambala 10, yofuna kusintha malamulo akulu a dziko, inatsutsidwa ndi akatswiri a malamulo, mipingo ina ndi mabungwe ena. Mu October 2020 inapeza mavoti 105, pamene panafunika 111, ndiwo magawo awiri mwa atatu a Nyumba, ndipo inagwa.

Cace nthawi yabwino yolankhula ndiyo pamene bilu ikali m'manja mwa kabungwe. Lamulo litasainidwa, kulisintha kufuna ulendo wonse uja kuyambiranso paciyambi. Akulu anati madzi akatayika saoleka.