Mpeni Wopinda: Kodi Wotchipa Ndi Wopindulitsa?

Asodzi ambiri amayenda ndi mpeni wopinda m'thumba. Umathandiza kudula twaini posoka ukonde, kudula nyambo, ngakhalenso kupulumutsa moyo chingwe cha khoka kapena cha matchera chikakola munthu mwendo pa madzi. N'chifukwa chake pogula tisamangoyang'ana mtengo wokha.

Choyamba tione chitsulo. Pali mipeni ya chitsulo wamba, monga yambiri ya Okapi, yomwe inayamba kupangidwa ku Germany mu 1902 ndipo kuyambira 1988 imapangidwa ku South Africa. Chitsulo chotere sichivuta kunola pa mwala ndipo chimathwa bwino, koma chimachita dzimbiri msanga chikasiyidwa chonyowa kapena chikakhudza mchere wothira nsomba. Palinso mipeni yolembedwa kuti stainless. Chitsulo chake amachisakaniza ndi chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, ndiye chimalimbana ndi dzimbiri. Vuto n'loti yambiri yotchipitsitsa, yopanda dzina la kampani, ndi ya chitsulo chofewa. Imanyezimira pa msika koma imabuntha mukangodula chingwe cha nayiloni kangapo.

Chachiwiri ndi loko. Bwato likamagwedezeka ndi mwera, mpeni wopanda loko ungathe kudzipinda nkukutemani zala. Musanapereke ndalama, utseguleni, muukankhe kumsana ndi chala, kenako muugwedezere mbali zonse. Ngati ukugwedera pa msomali wopindira, usiyeni.

Chachitatu ndi chogwirira. Cha mtengo chimafufuma chikakhalitsa m'madzi, mpeni nkumavuta kutsegula. Cha pulasitiki wosalala chimaterera m'manja a mamba. Sankhani chokhakhala, makamaka chokhala ndi kabowo kapena kamphete komangapo kachingwe kuti mpeni usagwere m'nyanja.

Tsono wopindulitsa ndi uti? Tiyerekeze kuti mpeni wina mtengo wake ndi theka la unzake, koma mwaugula katatu pomwe unzakewo ukugwirabe ntchito. Apa wotchipa uja ndiye wakudyerani ndalama zambiri.

Amayi ndi abambo okonza nsomba dziwani kuti mpeni wopinda si woyenera kutumbulira kampango kapena chambo chambiri. Magazi ndi mamba zimabisala mopindiramo, tizilombo nkuswana, ndipo nsomba zimaonongeka msanga. Pa ntchito imeneyi gwiritsani mpeni wosapinda womwe savuta kutsuka.

Mukabwerako ku nyanja, tsukani mpeni ndi sopo, muupukute, nkudonthezera mafuta ophikira mopindiramo. Usungeni patali ndi ana.

Pomaliza, makomiti a m'madoko akumbutse asodzi kuti zidutswa za ukonde zomwe adula asazitaye m'nyanja, chifukwa nayiloni saola msanga ndipo amapitiriza kukola nsomba popanda wopindula. Maukonde akakolana, musadule wa mnzanu mwaukali. Kambiranani, ndipo zikavuta pitani nayo nkhaniyo ku komiti.