Kachipangizo Kakati Malungo Palibe

Ku Makhuwira, mvula ikagwa ndipo Shire akasefukira, madzi akhala m'madambo ndi m'minda ya mpunga ya ku Nkhate, ndipo udzudzu uswana koopsa. Pamenepo amayi ambiri abereka ana otentha thupi kunka nawo kuchipatala. Dotolo abaya chala, adontheza magazi pa kachipangizo koyera, adikira pang'ono, nati: "Malungo palibe." Mayi atuluka wokhumudwa. Wina apita kukagula mankhwala a malungo pa golosale, wina akaombeza ula. Tsono tifuna kukufotokozerani chimene kachipangizoko kaona ndi chimene sikaona.

Mulungu anaika m'magazi mwathu alonda aang'ono koposa, amene ophunzira awatcha ma antibody. Mlonda aliyense adziwa mdani mmodzi yekha, monga galu wa uzimba wophunzitsidwa fungo la nyama imodzi, amene zina zonse azipitirira. M'chaka cha 1975, ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anapeza njira yowetera alonda otere kunja kwa thupi. Abaya mbewa yoweta ndi chinthu chimene afuna kuchisaka, natenga tizigawo ta kapamba wake, natilumikiza ndi tina tosaleka kuswana. Pamenepo papangika alonda a mtundu umodzi osawerengeka. Inde, mbewa, imene anyamata athu aikumba m'chilimwe! Chifukwa cha ntchitoyi awiriwa analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1984.

Alonda otere ndiwo ali pa kapepala ka m'kati mwa kachipangizo kaja, kamene kanafika m'zipatala za dziko lathu lonse m'chaka cha 2011. Ena apakidwa utoto. Iwo agwira puloteni ya kachilombo ka malungo nayenda nayo pa pepala. Ena andanda pa mzere kudikira. Puloteni ikakhalapo, aigwira onse pamodzi ndipo mzere uoneka. Mzere winawo ungosonyeza kuti kachipangizo nkabwino. Motero mzere umodzi utanthauza kuti malungo sanapezeke. Sutanthauza kuti mwana ali bwino, ngakhale kuti walodzedwa.

Pakuti udzudzu usenzanso tizilombo tina tochepetsetsa, totchedwa mavairasi, timene alonda a malungo satidziwa konse. M'chaka cha 1952 ku Newala, m'dziko la Tanganyika, Amakonde anagwidwa ndi nthenda yophwanya mfundo mpaka munthu kuyenda chowerama, naitcha chikungunya. M'chaka cha 1959 inabuka inzake kumpoto kwa Uganda, ya o'nyong-nyong, imene inagwira anthu ngati 2 miliyoni nifika ndi kwathu kuno, ku Nyasaland. Imeneyi aifalitsa ndi udzudzu womwewo wa malungo. Ya dengue inavuta ku Pemba, ku Mozambique, mu 1984 ndi 1985, nibweranso mu 2014. Anansi athu amenewo, ndipo udzudzu sufunsa chiphaso pa malire.

Dengue nayo ili ndi alonda ake a m'labotale, osaka puloteni yotchedwa NS1. Imeneyi ichuluka m'magazi masiku oyamba a nthenda nizilala pambuyo pake, kotero wochedwa kunyumba sabata yathunthu afika mapazi a mdani atafufutika kale. Tiona kuti ichi chokha chikwanira kutsutsa mwambo wathu woti "tiyambe taona mawa."

Nanga tichitenji? LA sapha vairasi. Kumpatsa mwana wopanda malungo ndiko kutaya ndalama ndi masiku. Mpatseni madzi ambiri ndi phala, ndipo thupi likatentha mummwetse panado monga anenera dotolo. Asipulini ayi, pakuti pa dengue awonjezera kutaya magazi. Kutentha kukapitirira masiku awiri, bwererani kuchipatala, popeza chibayo ndi nthenda zina zitenthetsanso thupi. Mwana akamasanza kosaleka, akamalira m'mimba, akafooka kwambiri, kapena magazi akatuluka m'nkhama ndi m'mphuno, musadikire kucha.

Udzudzu wa dengue ndi chikungunya ngwakuda wa mawanga oyera m'miyendo, ndipo uluma usana, pamene neti ili yopindidwa. Suswana kutali, koma m'mitsuko yosavundikira, m'matayala akale ndi m'zigoba za kuseri kwa nyumba. Tipempha a m'miphakati kuti Loweruka lililonse ayendere makomo a okalamba ndi amasiye, atsuke mitsuko ndi kuivundikira, nataye madzi a m'zigoba. Makanda ogona masana muwafunditse neti nawonso.