KUCOKERA KU JOHANNESBURG KUFIKA KU LONDON: MTUNDA WACE NDI WOTANI?

Abale, madzulo mukaweruka ku nchito mumaona ndege zazikuru zirikukwera m'mwamba zitaloza mutu kumpoto. Zina mwa izo zimanka ku London, mzinda waukuru wa ku Mangalande, ndipo sizitera pena pali ponse kufikira m'mawa.

Mtunda wace ndi mamailosi ngati 5,600, ndiwo makilomita oposa 9,000. Kuti mumvetse bwino: kucokera ku Chileka kufika ku Joni pali mamailosi oposa 800. Yendani ulendo umenewo kasanu ndi kawiri, ndiye kuti mwafika ku London. Ndege ya makono imatha mtunda wonsewu pa maora 11.

Kale sikunali comweco ai. M'caka ca 1932 ulendo wa ndege wocokera ku London kufika ku Cape Town unkatenga masiku 11. Pambuyo pace kunadza ndege zotera pamadzi, zimene zinkatsiriza ulendo wao pa Vaal Dam. M'zaka za 1949 ndi 1950 zinkateranso pa nyanja ku Cape Maclear.

Tsiku lalikuru linali 2 May 1952, pamene ndege ya jeti yochedwa Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36. Inatera kasanu panjira kumwa mafuta: ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone. Cifukwa ca kukhotakhota uku inayenda mamailosi 6,700, koma inafika ku Johannesburg tsiku lathunthu lisanakwane. Dziko lonse linazizwa.

Cimwemweco sicinakhalitse. Pa 8 April 1954 Comet yina, iri paulendo wakudza ku Johannesburg, inasweka m'mwamba itangocoka ku Rome, nigwera m'nyanja. Anthu onse 21 anafa. Kodi cinalakwika nciani? Inu a pamgodi mudzamva msanga. Kumwamba mpweya ndi wocepa, motero amaupopera m'kati mwa ndege kuti anthu apume, monga amacitira pansi pa mgodi. Ulendo uli wonse citsulo ca ndege cinkafufuma ndi kuphwa, mpaka cinatopa ndi kung'ambika, monga waya amene mwampinda kawiri kawiri. Akatswiri a ku Farnborough anatsimikiza ici pomiza thupi lonse la Comet m'thanki ya madzi ndi kulipopa kambirimbiri kufikira linang'aluka.

Koma si makina okha amene amatalikitsa njira. M'caka ca 1963 maiko ambiri a mu Africa, pokana tsankho, analetsa ndege za South African Airways kuuluka pamwamba pao. Pamenepo ndegezo zinayamba kuzungulira kunyanja ya kumadzulo, ndi kumatera pa zisumbu monga Sal kumwa mafuta, ulendo nutalika ndi maora angapo. London anali pomwe paja, osasuntha! Njira yacidule inatsegukanso m'caka ca 1991.