Zida za Makolo Athu ndi Maina Ace

Kale ku Tembwe, m'cigwa ca Luangwa, mwamuna sanali kuyenda ulendo cimanjamanja, cifukwa m'chire munali zirombo, ndipo nkhondo za Angoni ndi Abemba zinali kusautsa midzi ya Asenga. Motero munthu aliyense anadziwa zida zace ndi maina ace.

Zida zakale koposa ndizo uta ndi mibvi, mkondo, nkhwangwa ndi mpeni. Zimenezi sanagule kwa alendo ai. Amisiri anakumba miyala ya citsulo, naisungunula m'ng'anjo ndi makala, nasula citsuloco popemerera moto ndi mibvukuto ya cikopa. Alenje anapaka ulembe wa kombe kunsonga za mibvi, kuti nyama yolasidwa isathawire kutali. Nkhwangwa, imene Atumbuka aicha mbavi, inali ndi nchito ziwiri: kudula mitengo ndi kuchinjiriza mwini wace.

M'caka ca 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi, kucokera kumwera. Iwo anadza ndi nthungo yaifupi yampeni waukulu, yonga ija ya asilikali a Shaka. Nthungoyi sanali kuiponya, koma kubaya nayo mdani ali pafupi. Anadzanso ndi cikopa cacikulu ca ng'ombe cochingira mibvi, cimene pa cinenero cao anati isihlangu. Mau athu akuti cishango anacokera pamenepo. Zidazi zinaopsa mitundu yambiri kufikira 1898, pamene mfuti za Angelezi zinagonjetsa Angoni a Mpezeni.

Dzina lina liloza kum'mawa. Ife timati lupanga, Aswahili a kunyanja yamcere amati upanga, ndipo cikwanje amacicha panga. Maina awa afanana cifukwa zinenero zathu nza pacibale.

Ndi m'maiko akutali momwe ziri comweco. Kuzisumbu za Philippines alimi ali ndi cikwanje cochedwa bolo, cimene cinakhalanso cida ca nkhondo. Koma kris, lupanga lokhotakhota, ciyambi cace ndi ku Java.

Tsono dzina la cida ndi mboni ya mbiri. Likaiwalika, mbirinso itayika. Mukapeza mkondo wakale patsindwi la agogo, musaseweretse. Funsani dzina lace ndi amene anausula.

Mafunso
1. Kodi amisiri anapeza bwanji citsulo?
2. Nthungo ya Angoni inasiyana bwanji ndi mkondo woponya?
3. Mau akuti cishango anacokera kuti?