Kulimbitsa Thupi ndi Kusamala Chikwama

Masiku ano moyo wa m'midzi yambiri wasintha. Kale mayi anali kusinja chimanga mu mtondo, lero apita nacho ku chigayo. Kale mphunzitsi anali kuyenda wapansi ulendo wa ku boma, lero akwera minibasi kapena njinga yamoto ya kabaza. Zinthu zimenezi nzabwino, pakuti zapeputsa ntchito. Koma zadzetsanso vuto lina limene silioneka msanga. Anthu ena, makamaka aphunzitsi, makalaliki, eni magolosale, atelala ndi oyendetsa galimoto, amakhala pansi tsiku lonse, ndipo matupi awo sagwiranso ntchito imene analengedwera.

Chifukwa Chake Thupi Lifuna Kuyenda

M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse la WHO, unayeza anthu a zaka zapakati pa 25 ndi 64 m'dziko la Malawi. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri aitcha BP, ndiponso kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse anali ndi nthenda ya shuga. Nthenda ya BP inapezeka ku midzi monga ku tauni komwe, ndipo ochuluka mwa anthuwo sanali kudziwa kuti akudwala.

Kuopsa kwa nthendayi nkwakuti kawirikawiri siipweteka. Munthu angathe kukhala nayo zaka zambiri ali kudya bwino ndi kuseka ndi anzake, kufikira tsiku limene mtsempha wa mu ubongo utseka kapena kuphulika, ndipo afa ziwalo mbali imodzi. Iwononganso mtima, impso ndi maso. Banja limene bambo kapena mayi wagona chotere livutika kawiri: wodwalayo salimanso, ndipo womdwazika nayenso sapita ku munda.

Mtima ndi mnofu monga wa pa mkono. Ukamagwiritsidwa ntchito ulimba, ndipo upopa magazi ambiri popanda kuvutika. Mitsempha nayo imasuka, kotero kuti magazi ayenda mosapanikizika. Minofu ya miyendo ndi mikono ikamagwira ntchito itenga shuga m'magazi nkumuwotcha, m'malo moti aunjikane. Ichi ndicho chifukwa chake madokotala alangiza munthu wa BP kapena shuga kuti aziyenda, pamodzi ndi kumwa mankhwala ake ndi kuchepetsa mchere. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala ayi, koma kuthandiza mankhwalawo.

Muyeso Wake

Bungwe la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2020, linanena kuti munthu wamkulu ayenera kugwiritsa ntchito thupi lake molimbikako mphindi 150 kufikira 300 pa mlungu. Mphindi 150 ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Pamwamba pa izi afunika ntchito yolimbitsa minofu, monga kulima, kuwaza nkhuni kapena kunyamula katundu, masiku awiri pa mlungu. Ana a zaka 5 kufikira 17 afunika mphindi 60 tsiku lililonse.

Munthu angadziwe bwanji kuti walimbika mokwanira? Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati poyendapo akupuma msangamsanga, ndipo angathe kulankhula ndi mnzake koma sangathe kuimba nyimbo, ndiye kuti wafikapo. Kuyenda kwa chizolowezi kwa pa msika, koima apa kupereka moni, kuima apo kufunsa mtengo wa tomato, sikufika pa muyesowu. Kufunika kuyenda ndawala.

Tsono mlimi amene agwira khasu kuyambira m'mamawa, ndi mayi amene atunga madzi, kutola nkhuni ndi kupalira m'munda, iwowa apitirira kale muyesowu. Chimene afuna ndi chakudya chokwanira ndi mpumulo. Koma mlimi yemweyo akumbukire miyezi ya pambuyo pa kukolola. Kuyambira June kufikira September amuna ambiri atha tsiku pa bawo kapena pa mowa, ndipo thupi limene linalimba ndi dzinja lifooka ndi chilimwe. Imeneyo ndiyo nyengo yabwino ya dimba, youmba njerwa, yokonza msewu wa m'mudzi ndi ya mpira.

Kupeza Nthawi

Ambiri amati, "Nthawi ndilibe." Nzoona kuti mphunzitsi ali ndi makope oti achonge ndipo wa golosale sangasiye sitolo. Koma mphindi 30 siziyenera kukhala za nthawi imodzi. Mphindi khumi m'mawa, khumi masana ndi khumi madzulo ziwerengedwa chimodzimodzi. Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Njira yosavuta ndiyo kuika kuyendako m'kati mwa ulendo umene munthu ayenda kale. Munthu woyenda ndawala amatha pafupifupi makilomita awiri ndi theka pa mphindi 30. Mphunzitsi amene nyumba yake ili mtunda wotere kuchokera ku sukulu, akaleka kabaza nayenda wapansi popita, wakwaniritsa muyeso wa mlungu wonse m'masiku asanu a sukulu, ndipo ndalama ya kabaza yatsala m'thumba. Amene nyumba yake ili pa sukulu pomwepo angathe kuzungulira bwalo la mpira belu lisanalire, kapena kulowa yekha m'masewero a ana m'malo moimirira pa mthunzi ndi wezulo. Kupalasa njinga nakonso nkwabwino kwambiri. Telala ndi kalaliki adzuke pa mpando kawirikawiri, aongole msana, ayendeko pang'ono.

Magule a makolo asanyozedwe. Chimtali, chiwoda, mganda, malipenga, beni ndi ingoma zitulutsa thukuta kuposa kuyenda, ndipo pa gule palibe amene ayang'ana wotchi. Atsikana a fulaye ndi jingo, anyamata a mpira wachikulunga, asathamangitsidwe ngati atha ntchito zawo za pakhomo. Kumeneko nkulimbitsa thupi komwe.

Pali machenjezo anayi. Loyamba, amene wakhala nthawi yaitali osayenda ayambe ndi mphindi zochepa, nawonjezere mlungu ndi mlungu, pakuti kuthamanga sikufika. Lachiwiri, m'miyezi yotentha ya October ndi November ayende m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo amwe madzi abwino. Lachitatu, pa msewu wa galimoto ayende ku dzanja lamanja, moyang'anana ndi galimoto zobwera, ndipo kukada avale zowala. Lachinayi, akamva kupweteka pa chifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, aime pomwepo ndipo apite ku chipatala. Wodwala mtima ayambe wafunsa dokotala.

Chikwama Chimadya Nthawi

Nthawi ya m'mawa imene munthu akanayenda wapansi kawirikawiri ithera m'nyumba. Makiyi asowa, cholembera chasowa, buku la kuchipatala silioneka, ndipo pamene zipezeka dzuwa lakwera. Tsono munthu uja aitana kabaza. Wataya mphindi zake zoyenda, watayanso ndalama. Chikwama cholongosoka ndi thupi lolimba ziyendera limodzi chifukwa cha ichi.

Lamulo loyamba ndilo kulongedza madzulo, osati m'mawa. Mphunzitsi aike makope, rejisitala ndi choko asanagone. Mwana wa sukulu ayang'ane ndandanda wa maphunziro a mawa, natenge mabuku a tsikulo okha. Mayi wa ulendo wa ku sikelo aike buku la mwana, thewera, chitenje chapadera ndi chakudya cha mwana. Chikwamacho chikolekedwe pa msomali umodzi womwewo masiku onse, pamwamba, kutali ndi chinyontho, chiswe ndi makoswe.

Lamulo lachiwiri ndilo lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake. Timatumba tiwiri kapena titatu tosokedwa ndi nsalu yotsala ya chitenje tikwanira: kena ka mapepala ofunika, kena ka mankhwala, kena ka zing'onozing'ono monga makiyi, cholembera ndi chingwe chotchajira foni. Thumba lansalu likhalitsa ndipo lichapika. Majumbo opyapyala ang'ambika msanga, ndipo Boma linawaletsa m'chaka cha 2015, chiletso chimene khoti lalikulu la Supreme linachivomereza m'chaka cha 2019.

Lamulo lachitatu ndilo kukhuthula chikwama chonse kamodzi pa mlungu, monga Loweruka madzulo. Malisiti akale, makoko a mtedza ndi nyenyeswa za mandasi zitayidwe, pakuti ziitana mphemvu ndi nyerere. Chinthu chimene chayenda mlungu wathunthu osagwira ntchito chitsale pa nyumba.

Zoyenera Kusamalidwa Koposa

Chitupa cha unzika, chimene kalembera wake wamkulu anachitika m'chaka cha 2017 kwa nzika za zaka 16 ndi kupitirira, chifunika ku banki ndi ku maofesi ambiri. Chikatayika, munthu ayenda maulendo a ku boma ndi kuwononga ndalama kuti apeze china. Chikhale m'kathumba kam'kati kotseka, osati m'thumba la malaya.

Buku la kuchipatala ndilo mbiri ya thupi la munthu. M'menemo dokotala awerenga muyeso wa BP wa miyezi yapitayo, mankhwala amene wodwala akumwa ndi amene sayanjana nawo. La mwana lionetsa katemera amene walandira ndi m'mene akukulira. Buku lonyowa, lofufutika inki, silithandiza aliyense. M'dzinja likulungidwe m'pepala lapulasitiki lochindikala.

Mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, monga a BP, a shuga kapena ma ARV, akhale m'chitini kapena m'pepala lake lomwe anaperekedwera, pouma ndi posatentha. Wopita ku maliro kapena ku ukwati kutali atenge okwanira masiku onse, nawonjezere a masiku awiri, pakuti ulendo sudziwika. Wodwala shuga amene amwa mankhwala kapena kubaya jakisoni asasowe maswiti angapo kapena shuga pang'ono m'chikwama. Akamva kunjenjemera, thukuta lozizira ndi njala yadzidzidzi ali pa ulendo, shuga wake angakhale watsika, ndipo adye zimenezo msanga.

Mankhwala a anankafumbwe, a mbozi za m'munda ndi a makoswe, mbewu yopakidwa mankhwala ndi parafini zisalowe konse m'chikwama chimene muli chakudya kapena mankhwala akumwa. Zimenezi ndi poizoni, ndipo ana amakonda kupisa m'chikwama cha mayi pofuna kamba wa ku msika.

Ndalama zisakhale malo amodzi. Ya ulendo ndi yogulira zing'onozing'ono ikhale pafupi, yambiri ikhale pobisika. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni kapena ya khadi ya ku banki isalembedwe pa pepala lokhala m'chikwama chomwecho, pakuti wakuba akatenga chikwama watenga khomo ndi kiyi yemwe.

Katundu wa Mwana

Madokotala ambiri alangiza kuti chikwama cha mwana wa sukulu chisalemere kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa mwanayo. Mwana wa makilogalamu 30 anyamule makilogalamu atatu. Chikwama cha malamba awiri chiberekedwe pa mapewa onse awiri, mabuku olemera atsamire ku msana. Chokolekedwa pa phewa limodzi chipendeketsa mwana ndi kumtopetsa asanafike pa sukulu. Aphunzitsi angathandize pouza ana lero mabuku amene afunike mawa.

Zonsezi sizifuna ndalama. Aphunzitsi awerengere ana nkhaniyi m'kalasi, ndipo mafumu ndi akulu a mipingo aikambe pa misonkhano yawo. Munthu wamkulu aliyense amene sanayezetse BP chaka chino apite ku chipatala chapafupi, kapena afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake za malo oyezetsera. Kuyezako kutenga mphindi zochepa ndipo sikupweteka. Popita atenge buku lake la kuchipatala, ndipo ngati mtunda ulola, ayende wapansi.